Ndalama za boma zokonzera nyumba kuti izifunda kuno ku UK, zilipodi kapena akungofuna kutidyera?

Nabanda_Notts

Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambirimbiri koma mutu wazungulira, bambo a kunyumba kuno akungoti kafunse anzako aja a pa intaneti, nde ndabwera.

Chaka chatha tinagula nyumba kuno ku Nottingham titakhala pa lendi zaka 7. Ndi nyumba zija zogundizana mzere umodzi, za njerwa zofiira, pa mapepala analemba kuti inamangidwa cha m'ma 1905. Tinalowamo mu Juni dzuwa likuwala bwinobwino, tinapemphera, tinaotcha nyama kuseri, aliyense akuti mwachita bwino. Kufika Novembala ndi pamene inationetsa khalidwe lake lenileni. Kuzizira kwake ngati wagona pakhonde ku Dedza. Ukayatsa heating imafunda ndithu koma ungozimitsa ola limodzi basi yabwerera mwakale, m'mawa mawindo akuchucha madzi mpaka ndimayenda ndi thaulo chipinda ndi chipinda, ndipo kuseri kwa wadiropu ya ana khoma layamba kuda nkhungu. Direct debit ya gasi ndi magetsi atikwezera kufika £265 pamwezi, pamwamba pa mogeji, council tax, ndi zakumudzi zija simungazizembe, fizi ya ana a achimwene, fetereza wa amayi.

Ndiye Loweruka kunabwera mnyamata wina waulemu wake, chijekete chowala chija, kabaji pakhosi, tabuleti m'manja. Akuti dera lathu lasankhidwa pa pulogalamu ya boma, akufuna akwere kudenga akaone, amapopera thovu linalake lomwe limauma n'kutseka mphepo yonse, spray foam. Mtengo wake akuti £3,900 koma chifukwa cha grant ife tingolipira £1,900 bola tisaine sabata yomweyi. Bambowa cholembera anali atagwira kale, ine ndinawatsina ndikuti ayi tigone kaye. Mnyamatayo akuti abweranso Lachisanu.

Kuntchito nako aliyense akunena zake. Mnzanga wina wa ku Ghana akuti boma limapereka £7,500 ya heat pump, makina a magetsi ofunditsa nyumba m'malo mwa boyila, wina akuti masiku ano sola ilibe VAT, wina akuti zonsezo zinatha kalekale.

Amene mukudziwa tathandizeni. Ndalama zimenezi zilipodi? Zimabwera ku akaunti kapena amachotsera pa msonkho wa pa payslip? Komanso amuna anga akadali pa visa yolembedwa no recourse to public funds, yoletsa kulandira ma benefit a boma, tikalandira sizidzatipweteka tsiku lofunsira ILR, chilolezo chokhazikika kuno? Tili ndi £4,000 yomwe timasungira ulendo wakumudzi, ngati n'koyenera tiithyola, koma tiyambire pati?

Aphiri_Plumber

Achemwali, choyamba Lachisanu akabwera mnyamatayo mumuuze pakhomo pomwepo kuti zikomo sitikufuna, musamulowetse. Munachita bwino kuwatsina bambowo. Ine ndili ku Wolverhampton, ntchito ya mapaipi ndi maboyila ndaigwira zaka zoposa 15 kuno, ndipo spray foam ndaona ikuliza anthu. Thovulo likamatirira ku matabwa a denga palibenso amene angaone ngati matabwawo akuola kapena ayi, chinyezi chikatsekeredwa mkati sichituluka, ndiye saveya wa banki akakwera n'kulipeza mabanki ena amakana kupereka mogeji pa nyumba yotero. Inu lero simukugulitsa, koma fixed rate yanu ikadzatha n'kufuna kusamukira ku banki ina mudzamva kuwawa, ndipo kulichotsa thovulo kumadya ndalama zina zambiri. Ngakhale akanasaina, pangano losainira pakhomo panu lamulo limakupatsani masiku 14 oti musinthe maganizo. Boma situma anyamata kugogoda m'makomo ndi mitengo ya sabata ino yokha.

Tsopano za ndalamazo. Zilipo, koma palibe imene imagwa mu akaunti yanu ndipo payslip yanu siyisintha. Anthu ambiri amasokonekera pomwepa.

Ya VAT ili chonchi. Kuyambira Epulo 2022 boma linatsitsa VAT kufika pa 0% pa ntchito yoika insulation (zotchinga kuti kutentha kusathawe m'nyumba), sola, heat pump, zotseka mphepo m'zitseko ndi zina zotero, ndipo mu Febuluwale 2024 anaonjezerapo mabatire. Zikuyenera kutha pa 31 Malichi 2027 n'kubwerera pa 5%. Palibe fomu yolemba, woika ntchitoyo ndi amene sayenera kukuikirani VAT pa invoice. Koma pali kamsampha, 0% imeneyi imagwira pamene kampani yabweretsa katundu n'kumuika yokha. Mukapita nokha ku B&Q kapena Wickes kukagula mipukutu ya insulation mulipira 20% monga mwa masiku onse. Mawindo a double glazing mulibemo, boyila yatsopano ya gasi mulibemonso. Ndiye mukalandira kotesheni yang'anani mzere wa VAT, ena amaikabe 20% mwina posadziwa mwina mwadala, ine sindiweruza.

Ya £7,500 imene akunena mnzanuyo ndi Boiler Upgrade Scheme, ya England ndi Wales. Inayamba 2022 ili £5,000 pa heat pump ya mpweya, anaikweza mu Okutobala 2023. A ku Scotland ali ndi yawo kudzera ku Home Energy Scotland. Mmene imayendera, mumapeza woika amene ali ndi satifiketi ya MCS yoonetsa kuti ndi wovomerezeka pa ntchitoyi, iyeyo ndi amene amakafunsira ku Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, a Ofgem amakutumizirani imelo kuti mutsimikize kuti ndinudi eni nyumba ndipo mwavomera, kenako £7,500 ija imachotsedwa pa kotesheni. Inu mumangolipira yotsalayo. Safunsa kuti mumalandira zingati, chachikulu nyumba ikhale yanu ndipo boyila ya gasi ichoke, osati kusunga zonse ziwiri.

Kunalinso ECO4, yomwe makampani a magetsi ndi gasi amalipirira insulation kwa anthu opeza zochepa, makamaka olandira ma benefit. Imeneyo mu bajeti ya Novembala 2025 nduna ya zachuma Rachel Reeves analengeza kuti ikuthetsedwa, nde amene anakuuzani kuti zinatha sananame kwenikweni, anangophatikiza zonse mumphika umodzi. Fufuzani ku khansolo yanu za Warm Homes Local Grant, imayang'ana mabanja amene onse pamodzi sapitirira £36,000 pachaka ndipo EPC, satifiketi yoonetsa mmene nyumba imasungira kutentha, ili pakati pa D ndi G. Ngati nonse awiri mukugwira full time ndikukaika ngati mungalowe, koma ma postcode ena amalowa osayang'ana malipiro, kufunsa sikulipiritsa.

Za visa. Public funds si ndalama iliyonse yochokera ku boma ayi, ndi mndandanda wa zinthu zotchulidwa mayina, Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit, nyumba za khansolo ndi zina, uli pa gov.uk. Boiler Upgrade Scheme siili pa mndandandawo, ndipo VAT ya 0% ndi mtengo chabe wa pa invoice. Koma nkhani ya ILR musadalire mawu a plumber, kawerengeni mndandandawo nokha ndi maso anu.

Poyambira penipeni, lowani pa gov.uk mulembe find an energy certificate, ikani postcode, EPC ya nyumba yanu ituluka ulele. Muone chilembo chake ndi zimene analemba kuti zikonzedwe. Kenako bambo akwere kudenga ndi tochi ndi tepi akayeze chiubweya cha insulation chimene chili pamwamba pa siling'i. Chimafunika 270mm. Nyumba zambiri zakale ndimapeza 100mm kapena kuchepera, chophwatalala ndi masutikesi. Nyumba yopanda insulation pafupifupi kota ya kutentha imathawira kudenga, ndipo ndi ntchito yotchipa kuposa zonse, siyingathe ngakhale kota ya ndalama yanu ya ulendo ija. Heat pump muyambe mwaiwala kaye.

Mayi_a_Mapasa

Nabanda mwana wakwathu, mverani Aphiriwo. Ine ndikufuna ndikuuzeni za makoma chifukwa nyumba yanu ya 1905 ndi ngati yangayi, makoma ake ndi njerwa zokhazokha zopanda mpata pakati, nyumba za mpata pakati zinayamba kuchuluka cha m'ma 1920 kupita mtsogolo. Ndiye tsiku lina wina adzakuuzani kuti njira yake ndi kumata insulation kunja kapena mkati mwa khoma. Pamenepo mudzakhale maso.

Ife anatiikira ya kunja mu 2023, yaulere, pansi pa ECO4. Ndinavina tsiku limenelo, ndinaimbira foni amayi ku Ntcheu kuti boma la kuno latimangira nyumba ina pamwamba pa nyumba. Anyamata anabwera ndi ma scaffold, anamata zimatabwa zoyera zija ngati za m'makatoni a TV, anapaka pulasitala pamwamba, sabata ziwiri atha, nyumba yooneka bwino kuposa zonse mu mzere wathu. Dzinja loyamba kunafundadi, sindinama, bilu inatsika. Koma lachiwiri ndinayamba kumva kafungo mu chipinda cha mapasa, kafungo ka zovala zomwe zaiwalidwa mu beseni. Kusuntha bedi, khoma lonse pansi pa windo lanyowa, pepala la pakhoma likusendeka lokha, ukaligwira pulasitala akunyenyeka ngati chigumu. Munthu amene anabwera kudzaona anandikweza pa makwerero kuti ndione ndekha, pamwamba pomwe insulation imakumana ndi denga anasiya mpata wolowa zala zitatu, mvula yonse imalowa kuseri n'kukhala momwemo, komanso timabowo topumira nyumba tija ta pansi anatimata tonse. Kuimbira kampaniyo foni siikupezeka, kufufuza pa Companies House anaitseka kalekale. Zinanditengera miyezi yambiri ndi makalata a guarantee kuti ena abwere kudzakonza, mapasa akugona pabalaza, mmodzi ali ndi asima.

Ndimaona ngati ndi tsoka langa ndekha, kenako zinatuluka poyera. Mu Januwale 2025 boma linaimitsa makampani 39 pa nkhani yomweyi, ndipo mu Okutobala 2025 a National Audit Office anatulutsa lipoti loti 98% ya nyumba zimene anaziika insulation ya kunja kwa khoma pansi pa ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zili ndi mavuto akuluakulu ofunika kukonza. 98 pa 100 aliyense, abale. Nditamva pa wailesi ndinangokhala pansi.

Sindikuti insulation ya khoma ndi yoipa, mnzanga wa kutchalitchi anaika ya ndalama zake ndi kampani yomwe anasankha yekha ndipo ili bwinobwino mpaka lero. Kungoti chaulere sumafunsa mafunso, umaopa kuoneka wosayamika, ine tiyi ndimawaphikira anyamata aja tsiku ndi tsiku osakwerako n'kamodzi komwe kukaona chimene akuchita. Aliyense amene adzagwire khoma lanu mumufunse kuti mpweya uzituluka bwanji, akupatseni pepala la guarantee m'manja asanachotse scaffold, ndipo jambulani zithunzi tsiku lililonse.

Nkhungu ya kuseri kwa wadiropuyo, isunthireni patsogolo pang'ono kuti mpweya uzidutsa, ndipo zovala musayanike pa radiator mawindo ali otseka. Ndikudziwa tonse timatero koma ndi madzi omwewo mukupukuta m'mawa aja.

Kabaza_Luton

Kkkkk ine ndikungowerenga ngati nkhani ya m'dziko lina. Inu eni nyumba muli bho, ife a pa lendi nde palibe chathu apa amwene. £7,500 ndi ya mwini nyumba, VAT ya 0% ndi ya mwini nyumba, ine ndingaike bwanji insulation padenga la munthu. Ndipo landilodi alibe nazo ntchito chifukwa bilu salipira iyeyo, mita ya prepay ndimathira ndine, mu Januwale kamadya ngati kali ndi njoka zam'mimba.

Ndinamufunsa wanga kuti bwana mawindowa mphepo ikulowa mpaka katani kumavina, anangonditumizira chithunzi cha EPC kuti ili pa E ndiye ili mkati mwa lamulo. Ndipo akunena zoona, kuno ku England kuyambira Epulo 2020 saloledwa kubwereketsa nyumba ya F kapena G pokhapokha atalembetsa chifukwa chovomerezeka, koma E imadutsa, nde yathuyi ndi E ya mmapeto penipeni, yopasa mayeso ndi malikisi amodzi. Akuti pofika 2030 nyumba za lendi zizikhala pa C, tiona, ine ndikudziwa kale kuti akadzakonza lendi idzakwera tsiku lomwelo.

Zomwe ndinapanga ine ndi za mapaundi ochepa, timalamba tomata tija totseka mphepo m'mphepete mwa chitseko, pulasitiki yomata pa windo youmitsa ndi hair dryer, ndi chisoseji cha nsalu pansi pa chitseko chomwe ndinasoka ndekha ndi chitenje chakale cha chipani, sinditchula chipani chake kkkk. Zinathandiza ndithu. Amayi a Notts yesani zimenezo kaye weekend ino musanathyole ya ndege.

Chemwali_wa_ku_Joni

Moni kuchokera ku Johannesburg. Za UK sindizidziwa koma funso lanu loti kodi amachotsera pa msonkho landikumbutsa za kuno, chifukwa kunoko ndi mmene anapangira ndipo ambiri tinagwa nazo.

2023 load shedding itafika poipa, magetsi kuzima maola 8 mpaka 10 patsiku, nduna ya zachuma Enoch Godongwana inalengeza mu bajeti ya Febuluwale kuti munthu akaika sola pakhomo abwezeredwa 25% kudzera ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno, osapitirira R15,000. Tonse tinangomva 25% basi. Abwana anga amene ndimawasungira mabuku a bizinesi anaika, ine ndi amuna anga tinaikanso kanyumba kathu. Pofika nthawi yolemba tax return ndi pamene tinawerenga bwinobwino kuti 25% ija ndi ya mapanelo okha. Inveta ayi, mabatire ayi, mawaya ayi, ndalama ya woika ayi. Chonsecho pa load shedding chimene ukufuna ndi batire ndi inveta, ndipo ndi zimene zimadya ndalama zambiri, mapanelo ndi kagawo kochepa. Kuti upeze R15,000 yonse umayenera kugula mapanelo okhaokha a R60,000, nyumba wamba ngati yathu sitinafikeko n'pafupi pomwe. Mapanelowo akhale atsopano, osachepera 275W lililonse, ukhale ndi invoice yoonetsa mtengo wa mapanelo paokha, umboni woti unalipira, ndi certificate of compliance ya wamagetsi. Woika wathu anangolemba mtengo umodzi wa zonse pamodzi, tinamusaka mwezi wathunthu kuti alembenso.

Ndipo inali ya chaka chimodzi chokha, 1 Malichi 2023 mpaka 29 Febuluwale 2024, basi inatha osaionjezera. A mabizinesi ndi amene anadyerera, iwo amachotsa 125% ya mtengo pa ndalama zokhomera msonkho kwa zaka ziwiri. Komanso poti inali yochotsera pa msonkho, amene salipira income tax sanapeze kalikonse, ndiye tangoganizani abale athu ambiri kuno ogwira m'magaladeni ndi m'makhitchini, nkhaniyi inangowadutsa pamwamba ngati ndege.

Bola yanuyo amachotseratu pa kotesheni, simudikira chaka kuti mubwezeredwe. Koma funsani kuti £7,500 ikachoka chotsala ndi zingati ndipo muli chani ndi chani, zilembedwe mzere ndi mzere.

Aphiri_Plumber

Achemwali a ku Joni afunsa funso lenileni, ndiyankhe poti ndinangoti heat pump muiwale kaye osafotokoza.

Pa nyumba ngati ya a Nabanda makotesheni amene ndimaona ine amayambira cha pa £11,000 kukwera m'mwamba grant isanachoke, chifukwa si chimakina cha panja chokha. Ngati muli ndi combi boiler ndiye kuti mulibe thanki ya madzi otentha, heat pump imafuna thanki, ndipo m'nyumba zogundizanazi kabati yoika thankiyo kuipeza ndi nkhondo. Ma radiator ena amafunika kusintha kuika akuluakulu poti madzi a heat pump satentha kwambiri ngati a boyila, amangofunda, ndiye imayenera kuyaka nthawi yaitali mwakachetechete. Kale kunali lamulo loti chimakinacho chitalikire mita imodzi kuchokera m'malire ndi neba, ku England analichotsa mu Meyi 2025, zinapepukako kwa a mayadi ang'onoang'ono.

Masamu ake ndi awa. Heat pump yoikidwa bwino ikadya yuniti imodzi ya magetsi imatulutsa mayuniti atatu kapena anayi a kutentha. Zokoma kumva. Koma kuno yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, ndiye mukawerengera mupeza kuti bilu ikufanana ndi ya boyila, kutsika pang'ono ngati woika anadziwa ntchito ndipo mwapeza tariff yabwino, kukwera ngati anaika mwachisawawa. Kuyambira Meyi 2024 sakukakamizanso kuti muyambe mwaika insulation musanalandire grant, koma ine nyumba yomwe ikutaya kutentha ola limodzi sindingaike, ndi kutunga madzi ndi dengu. Boyila yanu ngati ikugwira isiyeni, tsekani denga ndi mphepo, ikadzafa ndi pamene mudzakhale pansi ndi makotesheni atatu.

Sola nayo ndi nkhani ina, VAT palibe ndipo magetsi otsala mumagulitsa kudzera mu Smart Export Guarantee, koma sola sichotsa nkhungu kuseri kwa wadiropu ndipo mu Disembala dzuwa la kuno mukulidziwa.

Injiniya_Area25

Ndakhala ndikuwerenga kuchokera ku Lilongwe kuno thukuta lili kamukamu, inu mukulira kuzizira kkkk. Ine ndimaika sola ndi magiza a dzuwa, nde ndiponyeko mawu poti ambiri a inu mukumanga kuno ndipo ndi ife timalandira ma voice note anu usiku.

Kuno grant yokonzera nyumba ngati yanuyo ine sindinaikirepo munthu. Chimene boma linachita ndi kuchotsa msonkho pa katundu, mu bajeti ya 2019/20 anachotsa VAT pa mapanelo, mabatire a sola, ma inveta, mababu osadya magetsi ambiri ndi gasi wophikira. VAT nthawi imeneyo inali 16.5% ndiye sizinali zochepa. Koma kasitomala sanaione bwinobwino, chifukwa katunduyu amagulidwa ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44% mu Novembala 2023, forex m'mabanki kulibe, wogulitsa akuwerengera leti ya pamsika wakuda, ndiye 16.5% ija inamezedwa osatafuna. Onjezani kuti namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi 130MW, aliyense anathamangira inveta nthawi imodzi, mitengo inangouluka. Ndiye mukamva kuti sola ilibe msonkho ku Malawi musaganize kuti mphwanu akukuberani akakutumizirani kotesheni, ngakhale ena amaberadi.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi mapulani amene mumatumiza. Munthu ukuzizidwa ku Nottingham, ukutumiza pulani ya nyumba ya magalasi kuyambira pansi mpaka m'mwamba kuyang'ana kumadzulo, yopanda khonde, denga lobisika lija la malata opanda mpata, malata akuda poti ndi amene ali mu fasho, ku Salima kapena ku Mangochi. Mu Okutobala nyumba imeneyo ndi uvuni, kenako mukundiimbira kuti Injiniya ndiikireni ma aircon anayi pa sola, mukamva mtengo wa mabatire mukuti ndakudulitsani. Azigogo athu ankadziwa, khonde kuzungulira nyumba kuti dzuwa lisamenye khoma, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Ikani siling'i, pansi pa malata yalani chipepala chonyezimira chija, malata akhale owala, mawindo akuluakulu ayang'ane kumpoto kapena kummwera, giza ikhale ya dzuwa poti giza ya magetsi ndi imene imamaliza mayunitsi a ESCOM m'nyumba zambiri. Zimenezi palibe boma likubwezereni kalikonse koma mabatire mudzagula theka.

Za njerwa zootcha, malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, analetsa pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndiye ngati mukumanga malo ogona alendo kapena mashopu yambani kuwerengera mabuloko a simenti.

Kabaza_Luton

Injiniya mwandilasa, pulani yanga ya ku Chileka ili ndi malata akuda kkkkk ndikuimbirani.

Nabanda_Notts

Abale zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri konse ndipo ndawawerengera bambo mokweza, pa nkhani ya thovu paja anangoti hmm n'kupita kukhitchini.

EPC ndaipeza, ili pa D koma ya 2017, ndipo munalembedwa kale kuti increase loft insulation to 270mm, pepala limeneli linali mu envelopu ya loya ija tinangoiponya mu drawer. Dzulo bambo anakwera ndi tochi. Akuti chiubweya chilipo koma chofika pa 80mm, malo ena kulibiretu matabwa a siling'i akuoneka, ndipo eni ake akale anasiyako kapeti yopindapinda, mtengo wa Khirisimasi ndi matayala awiri a njinga. Kachitseko kokwerera kudengako nako ndi kathabwa chabe, ukaika dzanja m'mphepete mphepo ikuchita kuwomba. Anatsika ali mbuu ngati achokera kuchigayo, akuyetsemula mpaka pano, Aphiri munaiwala kutiuza za mask.

Ku khansolo ndaimba, malipiro athu awiri apitirira £36,000 ndipo postcode yathu siili m'gulu lija, ndiye imeneyo yatikana. Ndaitana makampani awiri a insulation ya kudenga, oyamba abwera mawa. Mayi a Mapasa ndalemba mafunso anu pa pepala, la mpweya ndi la guarantee, ndipo wadiropu tasuntha. A Kabaza chitenje ndili nacho cha Mvano koma chimenecho sindingasokere soseji, ndipeza china.

Mnyamata uja sanadikire Lachisanu, waimba lero masana kuti manejala wake wavomera kutsitsa kufika £1,500. Ndamuuza kuti anditumizire dzina la pulogalamu ya boma imene akunenayo pa imelo, mpaka pano zii.

Aphiri funso lina, bambo akuti bwanji angogula mipukutuyo okha ayale ndi mnzawo Loweruka, ngakhale ndi VAT ya 20% akuti zitchipabe kusiyana ndi kulipira kampani. Zoona zimenezo? Nanga mawaya a magetsi ali pamwamba pa siling'i aja, makamaka chachikulu chopita ku shawa, amayala pamwamba pake kapena amachikweza kaye?